Kusiyira anzanga cluster: zolemba za maphunziro a oyang'anira maseva ku Salima

Sabata 1, Lolemba, kumayambiriro kwa Okutobala

Lero tayamba. Ndikulemba izi kuti abwana, a komiti, ndi aliyense amene adzagwire ntchitoyi m'tsogolo adziwe pomwe tachokera.

Bungwe lathu limasunga ndi kubwereketsa ndalama kwa alimi a mpunga, a thonje ndi asodzi. Likulu lili pa boma pano pa Salima, nthambi zili ku Chipoka, ku Senga Bay ndi ku Nkhotakota. Kaundula wa mamembala, mabuku a ngongole, malipiro a antchito ndi maimelo, zonsezi zimakhala m'kachipinda kamodzi kuseri kwa ofesi ya maakaunti. M'menemo muli maseva atatu olumikizidwa kukhala cluster imodzi. Pa masevawo timayendetsa Proxmox VE 8, pulogalamu yogawa seva kukhala makompyuta angapo, ndipo deta imasungidwa ndi pulogalamu ina yotchedwa Ceph. Seva iliyonse ili ndi madisiki 4 a SSD a 1.92 TB. Ma VM, omwe ndi makompyuta opanda thupi okhala m'kati mwa masevawo, alipo 11.

Njirayi tinaisankha chifukwa cha thumba. Mu Novembala 2023 kampani ya Broadcom inamaliza kugula VMware, kampani yopanga pulogalamu yolipira yogwira ntchito ngati ya Proxmox, ndipo posakhalitsa malayisensi ogula kamodzi anasiya kugulitsidwa, kunatsala olipira chaka ndi chaka. Mwezi womwewo kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Titawerengera madola a chaka chilichonse tinaona kuti sitingakwanitse. Proxmox imapangidwa ndi kampani ya ku Vienna kuyambira 2008 ndipo munthu amangoitenga pa intaneti osalipira. Ceph nayo ndi yaulere. Anaiyambitsa ndi Sage Weil pa maphunziro ake a ukachenjede ku University of California, Santa Cruz, omwe anamaliza mu 2007. Zaulere n'zaulere pogula pokha. Poyendetsa zimafuna munthu wodziwa.

Vuto lathu lagona pamenepo. Ceph imasunga chinthu chilichonse katatu, pa maseva atatu osiyana, kuti imodzi ikafa ziwiri zitsale. Koma kudziwa kuyendetsa Ceph kwasungidwa kamodzi kokha, m'mutu mwanga. Mu Ogasiti ndinagona masiku 5 ndi malungo, foni ikulira pamutu pa bedi, anzanga akufunsa ngati uthenga wachikasu womwe unali pa sikirini unali woopsa. Sichinali cholakwa chawo. Ndinali ndisanawaphunzitse.

Ophunzira ndi atatu. Pali bambo a ku Lifuwu, amene akhala pano zaka zambiri kuposa tonsefe. Ndiwo amakonza maprinta, kukoka mawaya a netiweki ndi kuliza jenereta. Pali achimwene a ku Khombedza, achangu pa kiyibodi, amene anadziphunzitsa okha Linux usiku pa laputopu yakale. Ndiye pali achemwali a ku Chipoka, amene analowa ntchito mu Meyi atamaliza dipuloma ya makompyuta. Salankhula zambiri, koma amalemba chilichonse.

Tili ndi masabata 8. Mvula ikangogwa, alimi adzadzaza khonde kufuna ngongole za feteleza ndi mbewu, ndipo nthawi imeneyo makina sayenera kuima. Ndadziikira lamulo limodzi: pa maphunziro onsewa manja anga sakhudza kiyibodi. Ndikhoza kufunsa, kuloza ndi chala, kapena kukana, koma wolemba akhale wophunzira.

Sabata 1, Lachinayi

Tasonkhanitsa makompyuta atatu akale a pa desiki omwe anali m'sitolo, taikamo Proxmox ndi Ceph. Iyi ndi cluster yophunzirira, yoti aliyense aiphwanye mopanda mantha. Yeniyeni ija, yomwe ikusunga ndalama za anthu, pakadali pano amangoiona osaikhudza.

Mwambo wa m'mawa wakhazikika. Isanakwane 8 koloko, amene ali pa ntchito amalemba `ceph -s` ndi `pvecm status`, n'kukopera m'kope mawu atatu: kaya ndi HEALTH_OK, HEALTH_WARN kapena HEALTH_ERR, ma OSD angati ali moyo mwa 12 aja, ndipo malo adzadza kufika pati. OSD ndi kapulogalamu kolondera disiki imodzi, motero madisiki 12 ndi ma OSD 12.

Chinativuta ndi quorum. Ndinafotokoza kuti ma monitor a Ceph, timapulogalamu tosunga mapu a cluster, alipo atatu, ndipo cluster imagwira ntchito pokhapokha awiri mwa atatuwo akumvana. Ndinazungulira nawo mawu mphindi 10, onse ali duu. Kenaka bambo a ku Lifuwu anatsokomola n'kunena kuti, "Achimwene, si zija za cheke? Osayinira alipo atatu, koma ndalama imatuluka awiri akasayina. Mmodzi yekha, ngakhale atakhala wapampando, kubanki amubweza."

Ndi zomwezo. Ndinangoonjezera chifukwa chake. Waya ukaduka pakati pa maseva, mbali iliyonse ikhoza kuganiza kuti inzakeyo yafa, n'kupitiriza kulemba payokha. Waya ukabwerera, mabuku a ngongole akhala awiri osagwirizana, ndipo palibe amene angadziwe loona ndi liti. Seva yotsala yokha ikakana kulemba, sikuti yaonongeka, ikuteteza mabukuwo. Kuyambira lero quorum tikuitchula kuti "osayinira", ndipo mawuwo ndawasiya momwemo.

Sabata 2, Lachitatu

Tsiku lonse lapita ndi masamu a malo, ndipo sindikudandaula, chifukwa apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera.

Pa risiti yogulira zipangizo, madisiki 12 a 1.92 TB ndi 23 TB. Nambala imeneyi ndi yomwe abwana amaikumbukira. Koma chilichonse chimalembedwa katatu, ndiye malo enieni ndi 7.68 TB. Komanso Ceph siilola disiki kudzadza mpaka pakamwa. Ikafika 85 peresenti imachenjeza. Pa 90 imakana kusamutsira deta ina pa disikiyo. Pa 95 imaleka kulandira zolemba, ndipo disiki imodzi yokha ikafika pamenepo makalaliki onse pa kawunta aima.

Ndinafunsa kuti, "Ndiye tizidzadza mpaka pati?" Achimwene a ku Khombedza anayankha msanga kuti 80, poti ndi pansi pa 85. Yankho lake ndi lanzeru, koma likuiwala tsiku la tsoka. Ife tili ndi maseva atatu okha, ndipo kope iliyonse ya deta iyenera kukhala pa seva yakeyake. Disiki ikafa m'seva yachiwiri, katundu wake sangapite ku seva yoyamba kapena yachitatu, chifukwa kumeneko makope ake aliko kale. Ayenera kugawidwa kwa madisiki atatu otsala m'seva yomweyo.

Ndikulankhula choncho, achemwali a ku Chipoka anatuluka osanena kanthu. Anabwera ndi makapu 4 a pulasitiki a kukhitchini ndi botolo la madzi. Anathira madzi m'kapu iliyonse kupitirira theka ndithu, kuyerekeza 70 peresenti, n'kutenga imodzi kukhuthulira mwa zitatu zinazo. Madzi anakwera mpaka m'milomo ya makapu, ena n'kudonthera pa tebulo. Anapukuta ndi mpango wawo, n'kulemba pa bolodi: 70 kuchulukitsa ndi 4 ndi 280, kugawa ndi 3 ndi 93. Anayesanso ndi 60: inatuluka 80.

Sindinaonjezere mawu. Malire athu ndi 60 peresenti, omwe ndi pafupifupi 4.6 TB. Lero tili pa 41. Tagwirizana kuti ikafika 50 kalata yopempha madisiki ena ipite kwa abwana tsiku lomwelo, chifukwa katundu wotere sapezeka pa Salima, ndipo wochokera kunja amatenga masabata. Makapu aja tinawatengera ku ofesi ya abwana n'kukabwereza zomwezo pa desiki pawo. Anayang'ana madziwo nthawi ndithu, kenaka anati, "Chabwino, 23 ija ndaiwala."

Sabata 3, Lachisanu

Sabata ya fumbi ndi kutentha. Masana a Lachiwiri choyezera cha pakhonde chinapitirira madigiri 35, ndipo AC ya m'chipinda cha maseva inali kulira osapuma. Tatsuka masefa ake, tatseka mpata wa pansi pa chitseko, tamata ndi simenti bowo lomwe makoswe amalowera pafupi ndi mawaya. Aliyense waphunzira kuwerenga `smartctl`, yomwe imaonetsa thanzi la disiki, ndi kudziwa kuti SSD imatha ndi kulembedwa, ndipo imanena yokha kuti yatha pati. Pa cluster yophunzirira tazula madisiki ndi mawaya kosawerengeka. Palibe chachilendo.

Sabata 4, Lachinayi usiku

Ndikulemba ndisanagone kuti ndisaiwale ndondomeko yake.

Cha m'ma 2 koloko masana magetsi anathima. Zimenezi sizachilendo, mabatire a UPS amanyamula maseva pomwe bambo a ku Lifuwu akupita kukaliza jenereta. Koma lero, patangotha mphindi imodzi, mafani a maseva onse atatu anakuwa pamodzi, kulira kuja amalira ikamayaka kumene. Onse anali atadzizimitsa n'kudziyatsanso. Ku kawunta masikirini anauma, anthu ali pa mzere, ena atachokera ku Lifuwu pa njinga dzuwa lonse lija.

Maseva atadzuka, palibe VM yomwe inayaka. Achimwene a ku Khombedza anali kale pa kiyibodi. `pvecm status` inaonetsa kuti seva yoyamba ikudziona yokha, osayinira anzake kulibe. Iwo anali atawerengapo za lamulo lokakamiza seva imodzi kuti idzivomereze yokha, ndipo zala zinali zitayamba kulilemba. Ankanenanso zotsitsa min_size kufika pa 1, kuti Ceph ilole kulemba ngakhale pali kope imodzi yokha.

Mtima wanga unagunda, ndipo ndinafuna kuwalanda kiyibodiyo. Ndinangowagwira paphewa. "Achimwene, tadikirani. Chadwala n'chiyani? Maseva, kapena njira yolankhulirana?"

"Maseva sakuonana."

"Onse atatu adwale mphindi imodzi?"

Anachotsa manja. Nthawi yomweyo bambo a ku Lifuwu analowa, manja akununkha dizilo, n'kuyang'ana pamwamba pa shelefu m'malo mwa sikirini. Timagetsi ta switch, kabokosi kolumikiza maseva onse, tinali titazima. Anatsatira waya wake ndi dzanja mpaka kuseri kwa kabati, n'kupeza kuti wabayidwa pa soketi ya pakhoma, osati pa UPS. Unasunthidwa sabata yatha pomwe tinkatsuka chipinda, ndipo palibe mwa ife amene anaubwezera. Ine ndinali momwemo tsiku limenelo, sindinaone.

Chinachitika n'chakuti, switch itazima, seva iliyonse inatsala yokha. Proxmox ili ndi mlonda wotchedwa watchdog: ngati HA, njira yodzutsira ma VM pa seva ina yawo ikafa, ndi yoyatsa ndipo seva yataya quorum kwa masekondi pafupifupi 60, imadziyatsanso yokha, kuopa kuti VM imodzi ingayende malo awiri nthawi imodzi n'kuononga disiki yake. Makina anachita ndendende zomwe anapangidwira.

Bambo anabaya waya pa UPS. Timagetsi tinayamba kuphethira. Tinaimirira tonse anayi kuyang'ana `ceph -s` ikusintha yokha, ma PG, omwe ndi magulu a deta, akuchoka pa peering, pomwe makope amayamba agwirizana, mmodzimmodzi akufika pa active+clean, kutanthauza kuti makope onse ali bwino. Palibe lamulo lililonse lomwe tinalemba. Patapita mphindi 9 makalaliki anapitiriza ntchito. Bambo a ku Lifuwu anauza achimwene aja motsitsa mawu kuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga."

Madzulo tinakhala pansi. Ndinanena poyera kuti changu cha achimwene si choipa. Ndiwo anali oyamba kufika ndipo anawerenga sikirini molondola. Koma min_size ya 1 ndi khomo lomwe deta ya anthu imatayikira: ukalola kulemba pa kope imodzi, disiki imeneyo ikafa isanakoperedwe, ndalama yomwe mayi wina wasungitsa masana amenewo ilibenso umboni kwina kulikonse. Kuima mphindi 20 n'kowawa, koma kumapepeseka.

Zomwe tachita: pulagi ya switch yakulungidwa tepi yofiira ndipo yalembedwa. Tapempha switch ina yaing'ono kuti Corosync, yomwe imawerenga osayinira a Proxmox, ikhale ndi njira yachiwiri. Imalola njira mpaka 8, ife tinali ndi imodzi. Ndakumbutsanso abwana za pempho la sola ndi mabatire. Onse amene analipo mu 2022 akukumbukira momwe zinalili namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale chaka chimenecho, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Ndipo dzuwa lomwe likutiotchali ndi lomwe likuyendetsa malo opangira magetsi a sola a mamegawati 60 omwe anatsegulidwa m'boma lathu lino mu 2021. Denga lathu likungolandira dzuwalo pachabe.

Sabata 5, Loweruka

Ofesi yotseka, ndiye tinayesa kuzimitsa cluster yeniyeni mwadongosolo n'kuiyatsanso. Aka n'koyamba ophunzira kuloledwa kuigwira ndi manja awo.

Lachinayi lija tinaphunziranso china: malangizo onse omwe ndinalemba chaka chatha ali pa VM yomwe imakhala m'cluster momwemo. Cluster itagona, malangizo anagona nayo. Choncho tagula kope lachikuto cholimba, lofiira, lomangiriridwa ndi chingwe ku shelefu. Akulemba ndi achemwali a ku Chipoka, m'Chichewa, malamulo okha ndiwo ali m'Chingerezi momwe amalembedwera. Ndondomeko ya lero yalowamo motere: kudziwitsa nthambi zonse, kuzimitsa ma VM kudzera mu HA, mapulogalamu poyamba, database pomaliza, kulemba `ceph osd set noout`, kuzimitsa maseva. Poyatsa: switch poyamba, maseva, kudikira mpaka ma PG onse akhale active+clean, `ceph osd unset noout`, database, kenaka zotsalazo.

Za noout ndinachedwapo pang'ono. OSD ikasowa kwa masekondi 600, Ceph imaiona ngati yapita ndipo imayamba kusamutsa katundu wake. Ngati wazimitsa dala, uyenera kuiuza kuti isavutike. Koma choopsa kwambiri ndi kuiwala kuchotsa noout pambuyo pake, chifukwa disiki ikadzafa zenizeni Ceph idzangokhala osadzichiritsa. M'kope, mzere umenewo wazunguliridwa kawiri.

Poyatsa, seva yachitatu inadzuka ndi deti la zaka zapitazo. `ceph health detail` inadandaula za clock skew. Ma monitor amalola mawotchi awo kusiyana ndi masekondi 0.05 okha, ndipo intaneti inali isanabwere kuti pulogalamu ya chrony ikonze nthawi. Achimwene a ku Khombedza ndiwo anatulukira kuti kabatire kozungulira ka pa bolodi, CR2032, katha. Anakwera kabaza kupita ku Kamuzu Road n'kukagula m'sitolo ya mawotchi. Tasintha m'maseva onse atatu.

Sabata 6, Lachitatu

Apa pali cholakwa changa, ndipo ndikuchilemba chonse.

Phunziro linali loti makope atatu a Ceph si backup, kope yosungidwa padera yobwezeretsera zinthu zikatayika. Munthu akafufuta faelo, Ceph imaifufuta katatu mokhulupirika. Kachilombo kakatseka mafaelo, amatsekeka katatu. N'chifukwa chake tili ndi Proxmox Backup Server pa makina ena apadera, ndipo usiku uliwonse zosungidwazo zimakoperedwa ku nthambi ya ku Nkhotakota, kuti moto kapena akuba akatipeza kuno, kwinako kutsale. M'mawa uliwonse imelo imabwera kunena kuti zayenda bwino, ndipo kwa miyezi yambiri ndakhala ndikuikhulupirira.

Ndinauza ophunzira kuti abwezeretse VM ya ngongole pa cluster yophunzirira, ngati kuti yeniyeni yapsa. Zinatenga mphindi 47. Inayaka, database inatseguka, mabalansi anagwirizana ndi a dzulo. Tinayamba kuombera m'manja. Achemwali a ku Chipoka sanaombe nawo. Anali kutembenuza masamba a kope lawo.

"Pepani achimwene," anatero, "sabata yoyamba ndinalemba kuti VM imeneyi ili ndi madisiki awiri. Apa ndikuona imodzi."

Anali kunena zoona. Disiki yachiwiri ndi yomwe imasunga zithunzi za mafomu osayinidwa ndi ziphaso za mamembala. Titatsegula makonzedwe a VM yeniyeni, tinapeza kuti kabokosi ka Backup pa disiki imeneyo n'kosachonga. Ndinakachotsa ndine, tsiku lomwe ndinkaika disikiyo mongoyesa, ndipo itayamba kugwira ntchito zenizeni sindinabwerere. Imelo ya m'mawa sinkanama. Inkanena za disiki yomwe inauzidwa kusunga. Ikanaonongeka VM ija m'miyezi yonseyi, mafomu a anthu akanapita, ndipo madzi akatayika saoleka.

Achemwali anachonga kabokosiko, tinayendetsa backup pompo, n'kubwezeretsanso kuti tione ndi maso kuti mafomu alimo. Ma VM ena 10 tinawayang'ana imodziimodzi, anali bwino. Ndinapita ndekha kwa abwana masana omwewo kukanena. Kuyambira tsopano, Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse VM imodzi izibwezeretsedwa, ndipo wobwezeretsa asakhale amene anakonza backup yake.

Chinthu china chomwe ndaona: achemwali anazengereza asanalankhule, chifukwa kukonza wamkulu pagulu si chinthu chapafupi kwathu kuno. Ndawathokoza pamaso pa onse, ndipo ndanena kuti m'chipinda cha maseva amene waona ndiye alankhule, kaya analowa ntchito dzulo.

Sabata 7, Lachiwiri

Ndinapita ku Lilongwe kukatenga switch ija ndi mabatire a UPS. Ulendo wake ndi wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14. Cha m'ma 11 koloko, ndili m'minibasi yodikira kudzadza, katoni ya switch ili pamiyendo, foni inalira.

"Achimwene, mwaswera bwanji? Musadandaule, koma tili pa HEALTH_WARN." Anali achemwali a ku Chipoka, mawu ali phee.

"Ndaswera. Ikuti chiyani?"

"OSD imodzi yagwa, nambala 6, m'seva yachiwiri. Degraded, makope osowa aja, ili pa 8 peresenti ndi pang'ono."

"Ku kawunta?"

"Akugwira ntchito. Sakudziwa n'komwe."

"Ndiye mukufuna kuchita chiyani?"

"Pakadali pano palibe. Taona kuti noout ndi yochotsa. Achimwene ayang'ana uthenga wa seva, disikiyo ikubweza zolakwa powerenga, ndiye akuti tisaidzutse mokakamiza. Tikudikira mphindi 10 zija zikwane."

Ndinafunsa za malo. Anali atawerengera kale: m'mawa tinali pa 43, ndiye madisiki atatu otsalawo afika pafupifupi 57. Kumbuyo ndinamva bambo a ku Lifuwu akufunsa kiyi wa kabati momwe timasunga disiki yapadera. Ndinafuna kunena zambiri, kuwakumbutsa izi ndi izo, koma chilichonse chomwe chinabwera m'mutu anali atachinena kale. Ndinangoti, "Pitirizani."

Minibasi inanyamuka. Titayamba kutsika mapiri kulowera kunyanja netiweki inayamba kudukaduka, ndipo kwa nthawi yaitali foni inali chete m'dzanja langa. Ndinayang'ana minda yolimidwa kale mizere ikudikira mvula, mitambo itaunjikana chakum'mawa. Ndinapemphera pang'ono.

Ndinafika ofesi itatsekedwa. M'chipinda cha maseva ndinapeza atatu onse, ndipo kope lofiira linali lotsegula. Ndikukopera zomwe analemba. 11:02, OSD 6 yagwa. 11:12, Ceph yaitulutsa yokha, kusamutsa kwayamba. 11:58, ma PG onse active+clean. 16:10, kawunta yatseka. `ceph osd safe-to-destroy` yavomera kuti disikiyo ikhoza kuchotsedwa. 16:20, nambala ya disiki yawerengedwa kawiri, pa sikirini ndi pa chitsulo, bambo akuwerenga, achimwene akutsimikiza. 16:25, yasinthidwa, OSD yatsopano yapangidwa. Pansi pake panali masiginecha atatu.

Za kuwerenga nambala kawiri ndi zomwe ndinkaziopa kwambiri m'njira monse. Madisiki amafanana ngati mazira, ndipo kuzula yamoyo m'malo mwa yakufa ndi ngozi yomwe imachitikira ngakhale akatswiri. Bambo a ku Lifuwu anandiuza kuti nthawi yonse yodikira ija achimwene a ku Khombedza anaimirira kumbuyo kwa mpando manja ali m'thumba, ndipo pomwe kalaliki wina anabwera kudzafunsa ngati kuli vuto, ndiwo anamuyankha kuti makina akudzichiritsa, asawasokoneze.

Sikirini inali kuonetsa deta ikubwerera pa disiki yatsopano. Tinadikira limodzi mpaka HEALTH_OK, tikudya chimanga chootcha chomwe ndinagula pa siteji.

Sabata 8, Lachisanu

Mvula yoyamba inagwa Lachitatu usiku, ndipo dzulo khonde linadzadza kusanache. Switch yachiwiri yalowa. Tinazimitsa yoyamba dala kwa kanthawi ofesi itatseka, ma VM onse titawaimitsa, ndipo maseva sanadziyatsenso. Ceph yokha ndiyo inaima kudikira, chifukwa njira yake ikadali imodzi. Imeneyo ndi ntchito ya chaka chamawa, pamodzi ndi seva yachinayi. Ndi maseva atatu, imodzi ikafa yonse timayendabe, koma pa makope awiri okha mpaka itakonzedwa, chifukwa kope yachitatu ilibe kopita. Pempho lake lalembedwa ndipo lili kwa a komiti.

Pasiwedi ya root, akaunti yaikulu yolamulira zonse, yomwe tonse tinkagwiritsa ntchito yasinthidwa, yaikidwa mu envelopu yomata m'sefa ya abwana. Aliyense tsopano ali ndi akaunti yake ndi nambala yachiwiri yochokera pa foni, kuti zidziwike amene wachita chinthu. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza deta la 2024, ndipo zomwe tikusungazi ndi mayina, ziphaso ndi ngongole za anthu omwe timakumana nawo kumsika ndi kutchalitchi.

Pali nkhani ina yomwe ndaitula kwa abwana ndipo ndikuilemba pano kuti isazimirire. Anthu atatuwa tsopano akudziwa ntchito yomwe ndi ochepa amaidziwa, ndipo ku Lilongwe akaifuna. Ngati tikufuna akhale, malipiro awo aonedwenso, ndipo amene ali pa ulonda Loweruka ndi Lamlungu azipatsidwa mayunitsi ndi kangachepe ka thiransipoti. Pakadali pano akuimba ndi mayunitsi awo. Si bwino.

Chomwe sitinamalize ndi kukweza mapulogalamu pa cluster yeniyeni. Pa yophunzirira aliyense wachita kawiri: kusamutsa ma VM amoyo kupita ku maseva ena, noout, kukweza, kuyatsanso, kudikira HEALTH_OK, kenaka seva yotsatira, osati ziwiri nthawi imodzi. Tagwirizana kuti tichite seva imodzi pa tsiku, ofesi ikatseka. Lolemba seva yoyamba ndi ya achimwene a ku Khombedza, Lachiwiri yachiwiri ndi ya bambo a ku Lifuwu, Lachitatu yachitatu ndi ya achemwali a ku Chipoka. Lolemba ndi Lachiwiri ndikhala pa mpando wa pakhomo. Lachitatu ndapempha tchuthi, ndikupita kumudzi kukadzala. Foni ikhala m'thumba la malaya, ndipo nambala ya mlongo wanga yalembedwa pa tsamba lomaliza la kope lofiira ngati yanga itakanika kumunda.